Kodi tikufunadi "Traoré wathu" kuno ku Malawi?

NaPhiri wa ku 25:
Abale pa gulu pano, pali nkhani ikundisowetsa mtendere. Masiku ano ukangotsegula foni, kaya pa Facebook kaya TikTok, ndi mavidiyo okhaokha a Ibrahim Traoré, msilikali wolamula dziko la Burkina Faso, ndipo pansi pake achinyamata athu akulemba zoti Malawi akufunika munthu ngati ameneyu, eti mavoti atitopetsa, palamenti ingotsekedwa, makhoti ndi ongochedwetsa zinthu, abwere msilikali mmodzi wolimba mtima adzakonze dziko. Chikundiwawa nchoti ena mwa olemba zimenezi ndi omwe aja anali mumsewu mu 2019 kufuna chilungamo pa mavoti. Ndiye ndikufunsa, tatopadi ndi demokalase kapena tangokwiya?

Dala Jozi:
Asisi ine sindibisa, ndine mmodzi mwa amenewo. Kuyambira 1994 mpaka lero tikuvota, tasintha UDF, DPP, PP, DPP, Tonse, DPP kachikena, chasintha nchiyani? Ine ndili kuno ku Johannesburg ndi satifiketi yanga ya MSCE ndikutchetcha kapinga wa anthu, osati chifukwa chokonda koma kumudzi kulibe chochita. Mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, mafuta pamzere, shuga pamzere, pasipoti pamzere, za Cashgate ya 2013 zija ndalama zake zinabwerera zingati? Nde mukandiuza za ufulu wolankhula, inde ndilankhula, ndikatha kulankhulako ndidya chani? Traoré akuoneka kuti dziko lake amalikonda, akuthamangitsa atsamunda, saopa munthu. Ife timangosankha akuba atsopano zaka zisanu zilizonse basi.

Bambo a Chikondi:
Mwana wanga Dala, mkwiyo wakowo ndikuwumva ndipo sindikuti ukunama pa za umphawi. Koma ife akuluakulu munthu mmodzi wolimba mtima ukumufunayo tinakhala naye zaka 30. Kamuzu atabwera mu 1958 anthu anamulandira ngati mpulumutsi, sanabwere ndi mfuti ayi, anabwera ndi chikondi cha anthu, ndipo chitaganya cha Federation anachiphwanyadi. Koma tangolandira ufulu mu Julayi 1964, pasanathe miyezi itatu nduna zake zomwe, a Chipembere, a Kanyama Chiume, a Orton Chirwa, a Yatuta Chisiza, zinali zitachotsedwa kapena kutula pansi udindo chifukwa chomufunsa mafunso. Anthu anaombera m'manja, amati ndi zigawenga. 1966 chipani chimodzi. 1971 pulezidenti wamuyaya. Kenako khadi ya chipani, popanda khadi sulowa mumsika, sukwera basi, mayi woyembekezera amamugulitsa awiri, ina ya mwana ali m'mimba. A Mboni za Yehova anawaletsa mu 1967, anawotcheredwa nyumba, anathawira ku Zambia ndi ku Mozambique. Milandu ikuluikulu anaichotsa ku High Court nkuipereka ku makhoti a mafumu komwe loya samaloledwa kulowa, ndi kumene anaweruzidwa a Orton Chirwa ndi akazi awo a Vera, ndipo a Orton anafera m'ndende ya Zomba mu 1992. Mu 1983 a Matenje, a Gadama, a Sangala ndi a Chiwanga anaphedwa, tinauzidwa kuti ndi ngozi ya galimoto ku Mwanza, palibe anayerekeza kufunsa ngakhale pamaliro. Munthu wotere akalakwitsa ulibe kokadandaula mwana wanga, nkhani yake ndi imeneyo.

Dala Jozi:
Ndakumvani bambo, ndipo pepani ngati ndakukumbutsani zowawa. Koma Kamuzu yemweyo ndi amene anamanga Lilongwe, yunivesite, misewu, ADMARC imagwira ntchito, kwacha inali ndi mphamvu, inu nomwe akuluakulu mumatiuza kuti nthawi imeneyo kunali mwambo. Onani Rwanda, Kigali ndi yoyera kuposa tauni iliyonse ya kwathu. Magufuli ku Tanzania anachotsa ogwira ntchito m'boma a mizukwa, anthu amafika ku ofesi nthawi yake. Mwina kumenya pang'ono kumafunika.

Bambo a Chikondi:
Anamangadi, sindingakane. Koma pa referendamu ya pa 14 Juni 1993 anthu omwe anaona misewuyo ndi maso awo anavotera nyali, pafupifupi awiri mwa atatu aliwonse anati matipate. Sanali openga. Ndipo kumenya pang'ono ukunenako sikusankha, aliyense amene amakufuna amaganiza kuti womenyedwayo adzakhala wina. Chaona mnzako chapita.

Mwana wa Mlimi:
Ndilowepo pang'ono. Za Traoré poyamba, chifukwa mavidiyo aja samanena zonse. Anatenga boma mu Seputembala 2022 polanda kwa msilikali mnzake Damiba, analonjeza chisankho, koma mu 2024 anadziwonjezera zaka zina zisanu. Mu 2025 bungwe loyendetsa zisankho analithetseratu. Atolankhani ndi omenyera ufulu omwe amamudzudzula ena agwidwa nkutumizidwa kunkhondo mokakamiza, ngakhale oweruza milandu ena zinawaonekera zomwezo mu 2024. Mawayilesi ngati RFI, BBC ndi VOA anayimitsidwapo. Nde zabwino zokhazokha tikuonazo tikuziona chifukwa wonena zoipa sangayerekeze. Magufuli naye, inde anagwira ntchito zina, koma misonkhano ya zipani zotsutsa anailetsa mu 2016, Tundu Lissu anawomberedwa zipolopolo ku Dodoma mu 2017, ndipo nthawi ya Covid boma linangosiya kulengeza ziwerengero.

Koma mfundo yanga yeniyeni si ya asilikali. Ine asilikali a kwathu kuno sandiopsa kwambiri, mbiri yawo ndi yabwinoko, mu Epulo 2012 Bingu atamwalira anaima ndi malamulo mpaka mayi Joyce Banda analumbiritsidwa, mu 2019 ndi amene amateteza ma demo. Chondiopsa ine ndi munthu wosankhidwa ndi mavoti enieni amene amayamba kunena kuti "anthu ali ndi ine", ndiye aliyense wondiletsa, kaya jaji kaya mtolankhani kaya phungu, ndi mdani wa anthu. Ameneyo satseka palamenti, amangoipanga kukhala yake. Sathetsa khoti, amangosintha okhalamo. Ku Hungary Viktor Orbán atawina mu 2010 ndi aphungu okwana kusintha malamulo a dziko, anatsitsa zaka zopumira majaji kuchoka pa 70 kufika 62, majaji ambirimbiri anachoka nthawi imodzi, ndipo zonse zinadutsa mu palamenti mwalamulo bwinobwino. Ku Zimbabwe anachita mosemphana, mu 2021 anakweza zaka kufika 75 ndipo Chief Justice Luke Malaba anapitiriza ntchito atakwana 70. Wina akutsitsa wina akukweza koma cholinga ndi chimodzi, woweruza akhale wako. Zili ngati chiswe pa nkhokwe, kunja ikuoneka yoima bwino, tsiku lomwe mukuifuna ndi pomwe mumadziwa kuti mitengo inatha kalekale.

NaPhiri wa ku 25:
Achimwene zimenezi sitikuyenera kupita nazo ku Hungary, zinachitika pakhomo pompano. Juni 2020, kutatsala masiku ochepa chisankho chobwereza cha pa 23 Juni, boma linatulutsa chikalata choti Chief Justice Andrew Nyirenda apite kutchuthi mpaka adzapume ntchito, eti ali ndi masiku ambiri a tchuthi omwe sanatenge. Aliyense anadziwa kuti nkhani si tchuthi, nkhani ndi chigamulo cha pa 3 Febuluwale chomwe chinafafaniza chisankho cha pulezidenti cha 2019, komanso cha Supreme Court cha mu Meyi chomwe chinagwirizana nacho. Maloya anayenda mumsewu atavala mikanjo yawo, High Court inaletsa, ndi mmene zinalepherekera.

Mwana wa Mlimi:
Eya, ndipo si koyamba. Mu 2001 nthawi ya a Muluzi palamenti inavomereza zoti majaji atatu a High Court achotsedwe, a Mwaungulu, a Chipeta ndi a Chimasula Phiri, zinabwezedwa anthu atakuwa kwambiri. Chaka chomwecho Senate inachotsedwa m'malamulo isanakhaleko nkomwe. Gawo 64, lomwe limapatsa anthu mphamvu yochotsa phungu wawo asanathe zaka zisanu, aphungu analifafaniza mu 1995, chaka chimodzi chokha chilowereni matipate. Ndipo pa 4 Julayi 2002 bilu yoti pulezidenti aziima mopanda malire inalephera ndi mavoti atatu okha. Atatu abale. Aphungu atatu akanangotembenuka mwina lero tikanakhala ngati Uganda komwe malire a materemu anachotsedwa mu 2005, a zaka zakubadwa mu 2017, ndipo Museveni ali pampando kuyambira 1986.

Mlongo wa ku Chipata:
Ine ndikuwerenga ndili kuno ku Zambia ndipo ndikuona ngati mukukamba za kwathu. Chiluba analowa mu 1991 ngati ngwazi ya demokalase, munthu wa ma union, wolankhula zokoma, yemweyo mu 1996 anasintha malamulo kuti Kaunda asaime chifukwa makolo ake anachokera ku Malawi, ndipo mu 2001 anafuna teremu yachitatu, anamuletsa ndi matchalitchi, maloya ndi anthu a m'chipani chake chomwe. Nthawi ya Lungu nyuzipepala ya The Post inatsekedwa mu 2016 ponena kuti ndi nkhani ya misonkho, Hichilema anamangidwa mu 2017 pa mlandu woukira boma chifukwa choti galimoto zake sizinapatukire mdipiti wa pulezidenti ku Mongu, anakhala m'ndende miyezi inayi. Makadeti amatolera ndalama m'misika ndi m'masiteshoni a basi ngati ndi boma. Tinavota mu 2021 tinasintha, tinasangalala. Koma mu 2024 Hichilema yemweyo anachotsa majaji atatu a Constitutional Court, omwe anaweruzapo nawo mlandu wake wa chisankho wa 2016. Boma likuti linatsata ndondomeko ndipo mwina ndi zoona, koma anthu omwe amakuwa nthawi ya Lungu ambiri anakhala chete, amene amaombera m'manja nthawi ya Lungu ndi amene anayamba kukuwa. Zimangosinthana choncho.

Mbwiye wa ku Thyolo:
Tsopano mlongo wa ku Chipata wanena zomwe ndimafuna kunena. Pa gulu pano mukamakamba za kuphwanya malamulo zitsanzo zanu zimakhala za DPP ndi UDF basi, ngati a Tonse anali angelo. Martha Chizuma anamangidwa ndi ndani? Mbandakucha wa pa 6 Disembala 2022 apolisi anakazinga nyumba ya mkulu wa ACB nkumutengera ku Namitete, nthawi imeneyo pampando panali a Chakwera omwe analonjeza kuti adzachepetsa mphamvu za pulezidenti. Anachepetsa ziti? Mu Juni 2025 ku Lilongwe anthu a zikwanje anamenya ochita zionetsero masana dzuwa likuswa mtengo, apolisi ndi asilikali ali pomwepo akuonerera. Munalemba pa gulu pano? Ndipo makhoti mukuwatamandawo, munthu wamba kumudzi mlandu wake wa malo umatha zaka osagamulidwa, wakuba nkhuku ali ku Chichiri koma wa ndale akangomva kuti ACB ikumufuna amathamangira injankishoni usiku womwewo. Nde musamadabwe anthu akamati majaji nawonso ndi andale.

NaPhiri wa ku 25:
A Mbwiye apa ndilibe chokutsutsani pa za Chizuma ndi zikwanje, zonse ziwiri ndi zamanyazi, ndipo zimene mwanenazi ndi zomwe ndikudandaula. Mu 2020 theka la dziko limati makhoti ndi opulumutsa, theka lina limati alanda boma. Aliyense amakonda ACB ikamagwira a chipani china. MBC aliyense akakhala kotsutsa amalonjeza kuimasula, akalowa m'boma imayamba kuimba nyimbo zake. Koma pa makhoti ndikupemphani tisiyanitse zinthu ziwiri. Kunena kuti milandu ikuchedwa, kuti jaji wakatangale afufuzidwe, ndi kufuna khoti likhale bwino. Kunena kuti pulezidenti azitha kuchotsa jaji yemwe wamugamula mokhumudwitsa, ndi kufuna khoti lisakhaleko. Majaji asanu aja, a Potani, a Kamanga, a Kapindu, a Madise ndi a Tembo, amapita kukhoti moperekezedwa ndi asilikali, panali oyesa kuwapatsa ziphuphu mpaka Chief Justice anakanena ku ACB, koma anawerenga chigamulo chawo tsiku lonse, za Tippex zonse zija anaziika poyera. Ndipo lamulo la 50+1 lomwe linachokera pa mlandu umenewo ndi lomwe lachititsa kuti a Mutharika atawina mu Seputembala 2025 pasakhale wonena kuti alowa ndi mavoti ochepa, ndipo a Chakwera anavomereza. Chomwe munkachitcha kulanda boma chija chakutetezani inu nomwe.

Mbwiye wa ku Thyolo:
Pa 50+1 ndikuvomera. Pa zina ndikadali ndi mafunso anga koma pitirizani.

Anganga a Tada:
Ana anga ine sukulu sindinapite nayo patali koma ndimavota chisankho chilichonse kuno kumudzi. Inu mukukamba za majaji ndi ma bilu, kuno phungu sitimuyeza ndi zimenezo. Timamuyeza kuti pamaliro anabweretsa bokosi kapena ayi, anapereka galimoto yonyamula wodwala, anagawa nsalu ndi ma T-shirt, kuponi ya fetereza inatuluka. Amene amakhala ku Lilongwe kumawerenga bajeti nkumafunsa mafunso ovuta timati watitaya, chisankho chinacho timamugwetsa. Tonse anabwera ndi thumba la fetereza la K4,495, ntchito 1 miliyoni, kudya katatu, tinavina. Ena asanabwere iwo anatilonjezanso zawo, tinavinanso. Ndiye mukamati andale akuononga dziko, dziwani kuti amagulitsa zomwe ife tikugula. Koma musatinyozenso, munthu amene mwana wake wagona ndi njala ukamupatsa K5,000 pamsonkhano sangakane, si uchitsiru, ndi njala.

Mwana wa Mlimi:
Anganga mwanena zenizeni, ndipo apa ndi pomwe zinthu ziwirizi zimakumana. Taonani Bingu. Teremu yoyamba analibe aphungu okwanira, palamenti imamuvuta tsiku ndi tsiku ndi nkhani ya gawo 65 loletsa phungu kusintha chipani, ndipo ambiri amati ndi nthawi yomwe anagwira ntchito bwino, sabuside ya fetereza inayamba mu 2005, chimanga chinachuluka. Chifukwa cha chimangacho mu 2009 tinamupatsa mavoti pafupifupi 66 peresenti ndi palamenti yodzadza ndi anthu ake. Zotsatira zake? Mbendera inasinthidwa mu 2010, zisankho za makhansala zimangoimitsidwa mpaka tinakhala opanda makhansala kuyambira 2005 kufika 2014, nduna inapatsidwa mphamvu yoletsa nyuzipepala, panabwera lamulo lovutitsa kutenga injankishoni yotsutsa boma, mphunzitsi wa ku Chancellor College a Blessings Chinsinga anaitanidwa ndi mkulu wa apolisi chifukwa cha chitsanzo chomwe anapereka m'kalasi ndipo koleji inatsekedwa miyezi yambiri, kazembe wa Britain anathamangitsidwa, kenako pa 20 Julayi 2011 anthu pafupifupi 20 anaphedwa pa zionetsero, ambiri ku Mzuzu. Munthu ndi yemweyo wa teremu yoyamba uja, nzeru zake zomwezo, chinasintha nchoti panalibenso womuuza kuti ayi. Nde Dala, ukati tipeze munthu wabwino timupatse mphamvu zonse, tinayesapo, kawiri konse.

Dala Jozi:
Ok zimenezo zandigwira, za Bingu ndimazikumbuka, ndinali ku sekondale. Koma mundiyankhe ichi. Kuno ku South Africa makhoti ndi amphamvu kwabasi, Thuli Madonsela, yemwe anali Public Protector, anamugwira pulezidenti Zuma pa za ndalama za boma zomwe zinalowa panyumba yake ku Nkandla, Constitutional Court inagamula mu 2016 kuti abweze ndalama, Zondo Commission yofufuza za katangale m'boma inakhala zaka ikumva umboni pa TV, Zuma anamangidwa mu 2021. Koma magetsi amazima, achinyamata alibe ntchito, ndipo andale apeza poponyera mkwiyo wa anthu, ndi ifeyo obwera. A Operation Dudula amaima pa geti ya chipatala kumafunsa ma ID, ife timagona tili ndi mantha. Ndiye mabungwe amphamvuwo andithandiza chani ine?

Mlongo wa ku Chipata:
Achimwene Dala, taganizirani zomwe mwalembazi. Amene akuima pa geti ya chipatala akunena mawu omwewo mukuwakonda kwa Traoré, kuti dziko ndi la eni ake, malamulo akuchedwetsa, tichite tokha. Kusiyana kwake nkoti kumeneko mdani amene asankha ndi inuyo. Ndipo chomwe chikuletsa kuti asakuthamangitseni tsiku limodzi ndi malamulo a dziko la South Africa omwe amati munthu aliyense asakanizidwe chithandizo chadzidzidzi kuchipatala, ndi maloya omwe amapita nazo kukhoti. Atabwera wolimba mtima wa kumeneko nkutseka makhoti, oyamba kukwezedwa mu lole ndi inu.

Dala Jozi:
Mmm asisi apo mwandilasa. Sindinaziganizirepo mbali imeneyo. Komabe sindikufuna tichoke pano ngati zonse zili bwino, chifukwa anzanga omwe ndimakhala nawo kuno ukawauza za gawo chakuti la malamulo amangokuyang'ana. Ngati demokalase sibweretsa ntchito anthu adzaitaya ndithu, kaya inu mufune kaya musafune.

Bambo a Chikondi:
Pamenepo ndiye ndili nawe mwana wanga, ndipo ndi chomwe chimandiopsa ine. Amene tinaona za kale tikutha, ambiri mwa ovota lero anabadwa Kamuzu atachoka kale, sadziwa kuti Payoniya anali ndani. Iwo chomwe akudziwa ndi mzere wa mafuta.

NaPhiri wa ku 25:
Palibe akunena kuti zili bwino Dala. Ine ndikuona kuti akuba ukuwanenawo akuba chifukwa zotchinga ndi zofooka, osati chifukwa zachuluka. Mkulu wa ACB, mkulu wa apolisi, DPP woimba milandu, Auditor General, mabodi a ma kampani a boma, onsewa dzina limachokera kwa pulezidenti, palamenti imangovomereza ena mwa iwo, ndipo ngati aphungu ambiri ndi ake ndiye basi. Munthu angafufuze bwanji amene anamulemba ntchito? Lamulo la zipani la 2018 linaletsa kugawa ndalama pa kampeni komanso limati zipani ziziulula amene akuzipatsa ndalama zambiri, inu munamvapo chipani chikuulula? Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani za boma linayamba kugwira ntchito mu 2020 koma kalembereni ku khonsolo kufunsa za ndalama za CDF muone ngati akuyankheni msanga.

Mbwiye wa ku Thyolo:
Za kuchepetsa mphamvu zosankha anthu m'maudindo ndikugwirizana nazo ngakhale panopa olamula ndi omwe ndinawavotera. Ndipo gawo 64 libwerere, phungu akatitaya tizimuchotsa osadikira zaka zisanu. Koma ndidzaone ngati inu a mbali inayo mudzanenebe zomwezi anu akadzalowanso.

NaPhiri wa ku 25:
Mudzandikumbutse a Mbwiye, uthengawu usungeni. Mwana wa Mlimi, kubwezeretsa gawo 64 kumafunika referendamu kapena aphungu okha angathe?

Mwana wa Mlimi:
Analichotsa ndi aphungu okha popanda kutifunsa, ndiye vuto lalikulu si njira yake koma oti avote, pamafunika awiri mwa atatu aliwonse a m'nyumbamo, ndipo ndi anthu omwewo amene lamulolo likufuna kuwachotsa ntchito. Law Commission itaunikanso malamulo a dziko mu 2007 nkhaniyi inakambidwa kwambiri koma mpaka lero silinabwerere. Anganga, phungu wanu akadzabwera pamaliro ena mudzamufunse pagulu ngati angalivotere, tidzamve kuti ayankha chani.

Anganga a Tada:
Ndidzamufunsa ndithu, ine sindiopa. Koma mundilembere bwinobwino mwachidule kuti gawolo limati chani, mdzukulu wanga andiwerengere, ndisakapite kukanena zolakwika pamaso pa amfumu.